Mfuti ya Boma ndi Maliro a Anthu: Mbiri ya Upolisi m'Malawi

Usiku wina, m'dera lomwe ndinkachita lendi mumzinda wa Blantyre, tinadzidzimuka ndi mfuu yakuti "Wakuba! Wakuba!" Pomwe ndinkatuluka panja n'kuti anthu atamugwira kale. Anali mnyamata wa zaka ngati 20, atamukhazika pansi pafupi ndi mpopi wa madzi, magazi ali chuchuchu pamphumi, wailesi yomwe ankati waba ili pambali pake. Wina anali atathamangira kale kukatenga tayala. Mayi wina wachikulire, atangodzimanga chitenje pachifuwa, anadutsa pakati pa khamulo n'kukaima kutsogolo kwa mnyamatayo.

"Ana anga, uyu ndi mwana wa munthu. Pitani naye ku polisi."

"Ku polisi, amayi?" anayankha bambo wina. "Mawa lomweli mumupeza akuyendayenda pamsika."

Wina kumbuyo anawonjezera kuti: "Apolisiwo akanamangowombera mbavazi, bwenzi tikugona tulo."

Mnyamatayo anapulumuka chifukwa mayi aja anakana kusuntha. Koma mawu a abambo awiriwo sanandichoke m'mutu. Woyamba ankati apolisi ndi osadalirika. Wachiwiri ankafuna kuti apolisi omwewo apatsidwe mphamvu yopha munthu popanda kumuzenga mlandu. Maganizo awiriwa amatuluka pakamwa pa anthu amodzimodzi, m'minibasi, pamaliro ngakhale pawailesi. Kuti timvetse kumene anachokera, tiyenera kubwerera kumene upolisi wa dziko lino unabadwira.

Wapolisi woyamba amene makolo athu anamudziwa sanabwere kudzagwira wakuba. Anabwera kudzatolera msonkho. M'zaka za m'ma 1890, Harry Johnston atakhazikitsa ulamuliro wa Britain kuno, bwanamkubwa wa boma lililonse ankadzilembera yekha asilikali ake ochepa. Ntchito yawo yaikulu inali kuonetsetsa kuti nyumba iliyonse yapereka msonkho wa masheleni atatu. Mwamuna akathawira kuthengo chifukwa chosowa ndalama, nyumba yake inkatenthedwa, kapena mkazi wake ankatengedwa kukasungidwa kuboma mpaka msonkhowo utaperekedwa. Mudzi ukaona yunifolomu ikutulukira panjira, amuna ankalowa m'tchire, ana ankabisala kuseri kwa nkhokwe. Mantha amenewa ndi akale kuposa polisi yeniyeniyo. Ndipo pa 3 Febuluwale 1915, m'busa John Chilembwe ataukira atsamunda n'kuthawa kulowera cha kumalire a Mozambique, amene anamuwombera anali asilikali achikuda anzake a m'gulu lolondera la boma.

Polisi ya dziko lonse inakhazikitsidwa mu 1921, likulu lake lili ku Zomba, mtsogoleri wake ali Major F. T. Stephens. Maudindo akuluakulu onse anali a azungu. Ambiri mwa achikuda omwe ankalembedwa anali oti anamenyapo nkhondo m'gulu la King's African Rifles, ndiye anabwera ndi khalidwe la kunkhondo: kumvera lamulo la bwana, kuguba, kugwira mfuti. Mphamvu zambiri za polisiyo zinaikidwa kumapiri a Shire, kumene kunali minda ya tiyi ndi fodya ya azungu, masitolo ndi njanji. Munthu wakumudzi akaberedwa mbuzi ankapita kwa mfumu. Polisi inali ya boma, ndipo boma silinali lake.

Mu 1953, chaka chomwe chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba, mkwiyo unaphulika ku Thyolo. Nkhani inayamba ndi anthu omwe anagwidwa powaganizira kuti aba malalanje pa esiteti ina, koma pansi pake panali zilonda zakale: thangata, kusowa kwa malo olima, malamulo a malimidwe okakamiza, ndi chitaganya chomwe anthu ankachikana. Chipwirikiticho chinafalikira m'maboma ena a kummwera, ndipo pomwe chinkatha anthu 11 anali atafa. Phunziro lomwe atsamunda anatolapo silinali lakuti amvere madandaulo a anthu. Iwo anaona kuti akusowa gulu lamphamvu lothana ndi makamu, motero anakhazikitsa Police Mobile Force, apolisi ophunzitsidwa ngati asilikali a nkhondo, oyenda m'malole, okonzeka kutumizidwa kulikonse. Gulu limeneli tinalilandira pa ufulu ngati chuma chamasiye.

Kenaka kunadza 3 Malichi 1959. Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pangozi, ndipo m'bandakucha atsogoleri a Nyasaland African Congress anayamba kugwidwa, kuphatikizapo Dr Hastings Kamuzu Banda. Ku Nkhata Bay, omangidwa anakwezedwa m'sitima ya Mpasa yomwe inakocheza padoko. Abale awo atamva, anatsika m'mapiri n'kukhamukira kudoko kukafuna anthu awo. Analibe mfuti. Asilikali ochokera ku Southern Rhodesia atafika, bwanamkubwa wa bomalo anapereka mphamvu m'manja mwawo, ndipo iwo anawombera khamulo. Lipoti la boma linawerenga anthu 20 ophedwa, pomwe pamwambo wa chikumbutso ku Nkhata Bay amatchula 31. M'dziko lonse anthu pafupifupi 50 anaphedwa m'nyengo imeneyo, ndipo oposa 1,300 anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Woweruza wa ku Britain, Patrick Devlin, atatumizidwa kudzafufuza, analemba kuti Nyasaland inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi polisi, kumene kunali koopsa kunena poyera kuti ukugwirizana ndi Congress. Boma la ku London linakana mbali zambiri za lipotilo. Mabanja a ophedwa ku Nkhata Bay akhala akupempha Britain chipukutamisozi mpaka m'zaka zathu zino.

Pa 6 Julayi 1964 mbendera inasintha. Anthu anayembekezera kuti mfuti ija tsopano itembenuka, iyang'ane kunja. Koma madzi saiwala khwawa. Patangopita miyezi iwiri nduna zinasemphana ndi Dr Banda, ndipo malamulo omwe atsamunda ankatsekera nawo anthu popanda mlandu anapukutidwa fumbi n'kuyambanso kugwira ntchito. Nthambi ya polisi ya Special Branch inakhala khutu ndi diso la boma, m'mabala, m'masukulu, m'maofesi. Ndende ya Mikuyu ku Zomba inadzaza ndi aphunzitsi, atolankhani, a Mboni za Yehova ndi ena omwe sanauzidwe n'komwe cholakwa chawo. Pambali pa polisi panamera gulu lina lokhala ndi zida, la Malawi Young Pioneers, lomwe lamulo linaliteteza kotero kuti wapolisi sankatha kumanga mpayoniya popanda chilolezo. Munthu womenyedwa pamsika chifukwa chosowa khadi la chipani ankadziwa kuti kukadandaula ku polisi n'kudziputira tsoka lina.

Achikulire ena amati masiku amenewo kunalibe mbava, munthu unkatha kugona chitseko chili chotsekula. Mawu amenewa sayenera kunyozedwa, chifukwa akuchokera mumtima wa anthu otopa ndi umbanda wa lero. Koma bata limenelo linali ndi mtengo wake, ndipo mtengowo unaoneka mu Meyi 1983. Dick Matenje, yemwe anali mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress, nduna ziwiri Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, komanso phungu wa ku Chikwawa David Chiwanga, anagwidwa ndi apolisi. Patapita masiku ochepa dziko linauzidwa kuti afa pangozi ya galimoto ku Mwanza akuthawira kunja. Kwa zaka 11 anthu ankangonong'onezana. Boma litasintha mu 1994, bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Justice Mtegha linapeza kuti anayiwo anatengedwa ndi apolisi kupita nawo ku Thambani, kumene anaphedwa ndi nyundo, kenaka mitembo yawo n'kuikidwa m'galimoto kuti zioneke ngati ngozi. Dr Banda ndi John Tembo anazengedwa mlandu, ndipo mu Disembala 1995 khoti linawapeza osalakwa. Anthu anadziwa mmene anayiwo anafera, koma sanaone aliyense akulangidwa chifukwa cholamula imfayo. Ngati nduna ingafe motero mlandu n'kuthera m'malere, nanga mlimi wa ku Thambani komweko angayembekezere chiyani?

Ufulu wachiwiri nawo unagulidwa ndi magazi. Mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula boma pa 8 Malichi 1992, mantha anayamba kusweka. Mu Meyi chaka chomwecho ogwira ntchito pafakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito, ena anawatsatira, masitolo anathyoledwa, ndipo apolisi anawombera. Anthu pafupifupi 40 anafa m'masiku ochepa. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri, ndipo mu Disembala asilikali a nkhondo analanda zida za apayoniya pa ntchito yomwe inatchedwa Operation Bwezani. Anthu anaimirira m'mbali mwa misewu kuombera m'manja asilikaliwo. Kuyambira pamenepo, m'maso mwa ambiri msilikali wa nkhondo anakhala mpulumutsi, wapolisi n'kutsala ndi mbiri ya boma lakale.

Malamulo aakulu a dziko a 1994 analemba momveka kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi moyo, kuti sayenera kuzunzidwa, ndiponso kuti polisi ikhale yoima payokha, yotumikira anthu osati chipani. Mu 1997 kunayamba ndondomeko ya chitetezo cha m'madera, yomwe inabweretsa makomiti a m'midzi ndi magulu olondera usiku. Pambuyo pake m'mapolisi munatsegulidwa nthambi zothandiza amayi ndi ana ochitiridwa nkhanza, ndipo dzina lachingerezi la polisi linasinthidwa kuti lisatchulenso mphamvu koma utumiki. Zimenezi sizinali zachabe. Amayi ambiri omwe kale sakanayerekeza kuponda pakhomo la polisi anapeza pothawira.

Komabe nthawi yomweyo umbanda unakula. Mfuti zotsala pankhondo ya ku Mozambique zinalowa m'dziko, mbava zinayamba kuthyola nyumba anthu ali maso, ndipo wodandaula akafika ku polisi ankauzidwa kuti galimoto ilibe mafuta. Apa mpamene panabadwira mawu aja akuti demokalase yabweretsa ufulu wa mbava, komanso mchitidwe wotentha oganiziridwa kuba. Ndipo zala za apolisi sizinachedwe kubwerera pa mfuti. Mu Novembala 2001 woimba wotchuka Evison Matafale anafera m'manja mwa apolisi. Mwezi wotsatira, pazionetsero za ku Zomba, wophunzira wa pa Chancellor College, Fanikiso Phiri, anawomberedwa n'kumwalira. Mu Meyi 2004, pachipwirikiti chotsatira chisankho, chipolopolo cha apolisi chinapha kamtsikana kakang'ono ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre.

Lamulo latsopano la polisi la 2010 linayesa kuika malire. Limalola wapolisi kugwiritsa ntchito mfuti pa zochitika zowerengeka, monga pamene womangidwa pamlandu waukulu akuthawa, limafuna kuti achenjeze kaye, ndipo limati cholinga chikhale kumufooketsa munthuyo osati kumupha. Mfundo za bungwe la United Nations za mu 1990 n'zokhwima kuposa apa: kupha mwadala n'kololedwa pokhapokha ngati palibiretu njira ina yopulumutsira moyo wa munthu. Lamulo la 2010 lomwelo linakhazikitsanso bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi. Koma bungwelo linakhala papepala zaka khumi, ndipo inki ya lamuloli isanaume, kumayambiriro kwa 2011, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anauza apolisi poyera kuti aziwombera mbava mpaka kupha. Ambiri anasangalala. Anali asanaganize kuti chala chozolowera kuwombera wakuba sichifunsa chiphaso tsiku lomwe wayima patsogolo pake ndi iwe.

Tsikulo linafika pa 20 Julayi 2011. Mafuta a galimoto anali atasowa, ndalama zakunja kunalibe, aphunzitsi a pa Chancellor College anali pamkangano ndi boma kuchokera pomwe mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitanitsa mphunzitsi Blessings Chinsinga kukamufunsa za zomwe anaphunzitsa m'kalasi. Mabungwe anaitanitsa zionetsero ndipo anthu anavala zofiira. Usiku woti mawa ndi tsikulo, khoti linapereka chiletso. M'mawa makamu anali atasonkhana kale, apolisi akuwaletsa kuyenda, dzuwa likukwera, mitima ikutentha. Utsi wokhetsa misozi utaponyedwa, miyala inayamba kuuluka, masitolo anathyoledwa, kenaka kunamveka zipolopolo zenizeni. M'masiku awiri anthu 20 anafa ku Mzuzu, Lilongwe, Blantyre ndi Karonga. Mzuzu ndi umene unalira kwambiri, ndipo ena mwa ophedwawo anaikidwa pamodzi kumanda a ku Zolozolo. Bungwe lofufuza, lomwe lipoti lake linatuluka mu 2012, linapeza kuti apolisi anagwiritsa ntchito mphamvu mopyola muyeso.

Miyezi iwiri chichitikireni zionetserozo, pa 24 Seputembala 2011, wophunzira wa pa Polytechnic, Robert Chasowa, anapezeka atafa pasukulupo. Apolisi anathamangira kulengeza kuti wadzipha podziponya kuchokera pamwamba. Dokotala wopima mitembo Charles Dzamalala anapeza kuti mabala a m'mutu mwake anali omenyedwa, ndipo bungwe lotsogozedwa ndi Justice Andrew Nyirenda linatsimikiza mu 2012 kuti Chasowa anachita kuphedwa. Chipolopolo chimapha munthu mmodzi, koma chikalata chabodza cha polisi chimapha chikhulupiriro cha onse ochimva, chifukwa mawa polisi ikadzanena zoona palibe adzaimvere.

Joyce Banda atalowa m'boma mu 2012, mkulu watsopano wa apolisi Lot Dzonzi anathetsa mchitidwe wowombera mpaka kupha. Posakhalitsa, nkhani za umbanda zitachuluka, anthu ambiri anayamba kudandaula kuti boma lamanga manja apolisi. Apa ndi pamene mtsutso wonse unaonekera poyera. Mbali imodzi imati: mbava zili ndi mfuti, zimapha, zimagwirira, wapolisi naye ali ndi ana kunyumba, nanga adikire kuwomberedwa kaye? Mbali inayo imati: ndani amatsimikiza kuti wogona pansiyo analidi mbava, popeza wakufa sadziteteza? Funso loyambalo ndi loona, ndipo lamulo lililonse lanzeru limalola wapolisi kuteteza moyo wake ndi wa ena. Koma mbiri yathu yayankha funso lachiwirilo kangapo konse. Mphamvu yopha ikaperekedwa popanda woifunsa, siithera pa mbava. Imafika kwa wophunzira, kwa woimba, kwa mwana wosewera pakhomo.

Chaka cha 2019 chinaonetsa kumene njira imeneyi imathera. Mu Febuluwale, Buleya Lule, yemwe ankaganiziridwa pamlandu wosowetsa mnyamata wachialubino wa ku Dedza, anafera m'chitokosi ku Lilongwe. Kupima thupi lake kunasonyeza kuti anazunzidwa ndi magetsi. Ndi imfa yakeyo, zomwe akanaulula za ogula ziwalo za anthu zinalowa naye m'manda. Chisankho cha mu Meyi chitakanidwa, zionetsero zinatenga miyezi, maofesi ena a polisi anatenthedwa, ndipo makamu ankathamangitsa apolisi n'kumalandira asilikali a nkhondo ndi nthungululu. Pa 8 Okutobala, ku Msundwe, khamu linapha wapolisi Usumani Imedi pomugenda ndi miyala ali pantchito. Imfa imeneyo inali yankhanza, ndipo iye naye anali mwana wa munthu, wosiya banja. Koma zomwe zinatsatira zinali kubwezera. Apolisi analowa m'midzi ya Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission linapeza kuti amayi ndi atsikana anagwiriridwa ndi kuchitidwa zachipongwe. Mu Ogasiti 2020 Justice Kenyatta Nyirenda analamula kuti amayi 18 apatsidwe chipukutamisozi. Chipukutamisozi chimachokera m'thumba la okhoma msonkho. Wochita choipacho sachimva kuwawa.

Sitinganene mbiri iyi mwachilungamo osayang'ana wapolisi wamba. Ndinakhalapo moyandikana ndi mmodzi, bambo wofatsa, yemwe ankagawana kanyumba ka zipinda ziwiri ndi banja lake lonse. Mwezi usanathe malipiro ankakhala atatha, ndipo mkazi wake ankagulitsa mandasi kuti ana apite kusukulu. Tsiku la zionetsero ankanyamuka kusanache, akazi ake n'kutsala atatchera khutu ku wailesi tsiku lonse. Munthu wotere akaikidwa patsogolo pa khamu la anthu zikwi, wopanda chishango chokwanira, wopanda zipolopolo za mphira, m'manja muli mfuti ya kunkhondo yokha, mantha ake amasanduka maliro a wina. Amene anamutuma wopanda zipangizo, ndi wandale amene anamuuza kuti ochita zionetsero ndi adani, ali ndi gawo lawo pa imfa imeneyo. Ndipo apolisi ambiri oona mtima ndi amene amalipira ngongole ya anzawo ochepa: iwo ndi amene amagendedwa, iwo ndi amene mboni zimawabisira nkhani.

Pali zizindikiro zakuti khwawa lija lingathe kupatutsidwa. Mu 2020 bungwe lija lolandira madandaulo okhudza apolisi, la Independent Complaints Commission, linapatsidwa mtsogoleri wake woyamba, Christopher Tukula, patatha zaka khumi chilembedwereni m'lamulo. Ndipo kumapeto kwa 2024 bwalo lalikulu la milandu ku Lilongwe linapeza apolisi asanu ndi mmodzi olakwa pa imfa ya Buleya Lule n'kuwagamula kukakhala kundende zaka zambiri. Lule sanali nduna, sanali wophunzira wa ku yunivesite, ndipo ankaganiziridwa mlandu womwe dziko lonse linkanyansidwa nawo. N'chifukwa chake chigamulocho n'chachikulu. Chinanena zomwe Nkhata Bay, Thambani ndi Zolozolo sizinamve: kuti munthu akafera m'manja mwa boma, wina ayenera kuimirira m'khoti n'kufotokoza. Akuluakulu anati mlandu suwola.

Chikhulupiriro sichibwera ndi dzina latsopano kapena yunifolomu yatsopano. Chimabwera pamene chipolopolo chilichonse chotuluka m'nkhokwe ya zida chalembedwa ndipo wochiwombera wafotokoza chifukwa chake, pamene aliyense wofera m'chitokosi wapimidwa ndi dokotala wosalamulidwa ndi polisi, pamene bungwe lolandira madandaulo lapatsidwa ndalama zofikira nazo ku Chitipa ndi ku Nsanje, ndiponso pamene wakuba wogwidwa lero wakaonekeradi kukhoti m'malo motuluka ndi kangachepe. Zinthu ziwiri zomwe abambo aja ankadandaula usiku uja zili ndi muzu umodzi. Polisi yomwe imamasula wakuba mwachinyengo ndi polisi yomwe imapha munthu popanda woifunsa ndi imodzi: polisi yosayankha kwa anthu. Kuipatsa ufulu wowombera sikuchiza matendawo, n'kuwawonjezera.

Mayi aja anaima okha pakati pa tayala ndi mnyamata uja, alibe mfuti, alibe yunifolomu. Chomwe anali nacho ndi chikhulupiriro chakuti kwinakwake kuli malo omwe mlandu ungaweruzidwe popanda kukhetsa magazi. Kwa zaka zoposa 100 polisi yathu yakhala ikuphunzira kuteteza boma. Ngongole yomwe yatsala nayo ndi ya mayi amenewa: kuti tsiku lina akadzanenanso kuti "Pitani naye ku polisi," khamu lidzamvere, limudzutse mnyamatayo n'kupita naye.